Malole awiri pa katundu mmodzi: zoyenera kufufuza ma ejenti akasiya kumvana

Vutoli limakonda nyengo ya misika, kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, pamene chimanga, soya, nshawa ndi mpendadzuwa zikutuluka m'midzi. Tiyerekeze kuti pa depoti ina ku Chadiza paunjikidwa matumba 200 a soya. Dongosolo la pa kompyuta lafunafuna lole usiku, m'mawa mwake pafika malole awiri, ndipo dalaivala aliyense akuonetsa uthenga wa pa foni wonena kuti katunduyo ndi wake. Wina abwerera ku Chipata wopanda kanthu, dizilo wapita pachabe. Sabata inayo zitembenuka: matumba akhala masiku anayi osanyamulidwa pomwe pa sikirini ya ku ofesi palembedwa kuti lole inapezeka kale. Nthawi zina mlimi alandira ndalama zake kawiri, kapena osalandira n'komwe.

Tikati ejenti pano sitikunena munthu wokhala m'kanyumba ka Airtel Money kapena MoMo pa Kapata. Tikunena pulogalamu yokhala ndi cholinga chakechake, yosankha yokha chochita, yolankhulana ndi anzake kudzera m'mauthenga. M'chitsanzo chathu alipo a mitundu inayi: ejenti wa depoti iliyonse, ejenti wa mwini malole aliyense, ejenti wa shedi yaikulu ku Chipata, ndi ejenti wa malipiro.

Zikavuta chonchi, olemba mapulogalamu amathamangira kunena kuti netiweki inadula. Inadi inadula. Koma netiweki ya kumudzi kudula kuli ngati mvula kugwa mu Januwale, ndipo womanga nkhokwe yosafolera sangaidandaule mvula. Kawirikawiri ejenti aliyense payekha amakhala atachita zomwe anauzidwa, osalakwitsa kalikonse. Chomwe chimasowa ndi pepala lofotokoza zokambirana zawo: ndani anene chiyani, adikire mpaka liti, ndipo yankho likapanda kubwera achite chiyani.

Musanakhudze code, sonkhanitsani zokambiranazo

Sankhani katundu mmodzi yemwe wavutayo, mutolere mauthenga onse omukhudza kuchokera m'kaundula wa ejenti aliyense. Pa uthenga uliwonse mukufuna zinthu zisanu: wotumiza, wolandira, mtundu wa uthenga, nthawi yotumizira ndi yolandirira, komanso nambala ya zokambiranazo. Bungwe la FIPA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1996, linaika kale malo a zimenezi m'chilankhulo chake cha ma ejenti, FIPA ACL. Muli conversation-id yomanga pamodzi mauthenga a nkhani imodzi, reply-with ndi in-reply-to zosonyeza kuti yankho ili likuyankha funso liti, ndi reply-by yonena nthawi yomwe wofunsa adzasiye kudikira. Ngakhale mukutumiza JSON wamba (kalembedwe ka deta ka makompyuta) kudzera pa MQTT (njira yotumizirana mauthenga pakati pa zipangizo) kapena pa SMS, tengerani malo anayi amenewa. Mukapeza kuti mauthenga anu alibe conversation-id, vuto loyamba ndi limenelo, ndipo likonzeni musanapitirire, chifukwa popanda iyo mudzangolota.

Musadalire wotchi za zipangizo. Tabuleti ya pa depoti batire likatheratu ikhoza kudzuka ndi nthawi yolakwika, ndiye m'kaundula mudzaona yankho likufika funso lisanatumizidwe. Sungani nthawi zonse mu UTC (nthawi imodzi yoyendera dziko lonse lapansi), muzionjezera maola awiri a Zambia pongoonetsa pa sikirini basi. Pofuna kudziwa chomwe chinayamba, gwiritsani ntchito njira yomwe Leslie Lamport anafotokoza mu 1978: ejenti aliyense asunge nambala yowerengera, aikweze ndi 1 akamatumiza uthenga n'kuilemba mu uthengawo, wolandira atenge yaikulu pakati pa yake ndi yobwerayo, aonjezere 1. Ndi mizere yochepa ya code, koma imaongola kaundula yense.

Kenako jambulani pa pepala: mzere wotsika wa ejenti aliyense, muvi wa uthenga uliwonse. Omwe akugwiritsa ntchito JADE, chida chomangira ma ejenti, ali ndi Sniffer yojambula zimenezi pamene ma ejenti akulankhulana. Mudzaona chimodzi mwa zitatu: muvi womwe unanyamuka koma sunafike, muvi womwe unafika kawiri, kapena muvi womwe unafika mochedwa wolandirayo atasintha kale maganizo. Mukaupeza, tsegulani chikalata cha kapangidwe ka dongosololo muone zomwe chinanena kuti zichitike pamenepo. Nthawi zambiri simupeza kanthu.

Mabowo a mu Contract Net

Madongosolo ambiri ogawana ntchito amatsata Contract Net, yomwe Reid G. Smith anafalitsa mu 1980, ngakhale omwe anawalemba sanalimvepo dzinali. Imayenda ngati tenda. Ejenti wa depoti alengeza ntchito ndi uthenga wa cfp (call for proposals, kuitana ofuna ntchitoyo). Ma ejenti a malole ayankha ndi propose, atchula mtengo ndi nthawi, kapena akana ndi refuse. Depoti isankha mmodzi n'kumutumizira accept-proposal, enawo reject-proposal. Wosankhidwayo akamaliza ntchito atumiza inform, akalephera atumiza failure.

Taonani bwino pakati pa accept-proposal ndi inform. Palibe uthenga wina uliwonse. Kwa makompyuta a m'chipinda chimodzi mpata umenewu ndi waung'ono, koma kwa lole yopita ku Lundazi ndi maola ambiri. Accept-proposal ikatayika, depoti imakhulupirira kuti lole ikubwera, mwini lole akuganiza kuti anakanidwa, ndipo matumba amakhala. Wolemba code akaona zimenezi amaonjezera lamulo loti pakapita maola awiri popanda yankho depoti ilengezenso. Pamenepo wabala vuto linalo: accept-proposal yoyamba sinatayike, inangochedwa, yafika foni italowa m'dera la netiweki, ndipo tsopano malole awiri ali pa msewu.

Palibe uthenga womaliza womwe ungatsimikizire mbali zonse ziwiri pa njira yotaya mauthenga, chifukwa chitsimikizo chilichonse nachonso chikhoza kutayika. Choncho musasake kutsimikiza kotheratu. Sankhani cholakwa chotsika mtengo. Matumba ouma kugona usiku wina pansi pa tenti n'kwabwino kusiyana ndi lole kuyenda yopanda kanthu, ndiye dongosolo lipendekere kumeneko. Ndondomeko yake ikhale motere.

Depoti ilengeza nthawi ya 07:00, reply-by ikhale 07:30. Propose yofika 07:31 ikanidwe, ngakhale mtengo wake ukhale wokoma bwanji. Nthawi ya 07:35 ituluke accept-proposal yokhala ndi nambala ya ulendo wolengeza, 1, ndi malire a 08:05. Ejenti wa lole ayankhe ndi uthenga woonjezera wovomera, agree, koma lole isanyamuke. Agree ikafika nthawi isanakwane, depoti itulutse nambala yopakirira ya manambala asanu ndi imodzi, yomwe ipite kwa ejenti wa lole, kwa dalaivala pa SMS, ndi kwa kalaliki wa pa depoti. Ikafika 08:05 itadutsa, depoti isapereke nambala, iyankhe kuti ulendo 1 unatsekedwa, ndipo ilengeze ulendo 2. Uthenga uliwonse wonyamula nambala ya ulendo wakale ukanidwe osauganiziranso.

Nanga nambala yopakirirayo ikatayika pa njira? Ejenti wa lole afunsenso ndi conversation-id yomweyo, ndipo depoti ibweze nambala yomweyo, osati yatsopano. Depoti ikangotulutsa nambala, yadzimanga: siingalengezenso mpaka nambalayo itatha mphamvu, mwachitsanzo 12:00 tsiku lotsatira, kuonjezerapo ola limodzi lodikira chifukwa wotchi zimasiyana. Lamulo la kalaliki ndi limodzi lokha: wopanda nambala sapakira. Chigamulo chomaliza chili malo amodzi, pomwe pali matumba.

Palinso bowo la mbali ya malole. Mwini lole imodzi ya matani 10 walandira cfp zitatu, ya ku Katete, ya ku Sinda ndi ya ku Vubwi, ejenti wake wayankha zonse, ndipo wapambana zonse. Mu Contract Net, propose ikalandiridwa imasanduka lonjezo. Ndiye sankhani chimodzi, mulembe: mwina lole isungidwe kwa depoti imodzi kuyambira pa propose mpaka reply-by itadutsa, zomwe zimachedwetsa koma n'zosavuta kulemba, kapena ejenti aziloledwa kuyankha zambiri koma akatumiza agree yoyamba akane zotsalazo nthawi yomweyo, ndipo depoti yokanidwayo ipite kwa wachiwiri pa mndandanda wake m'malo moyambiranso. Njira yachiwiriyi imafuna kuti depoti isafulumire kutumiza reject-proposal. Idikire mpaka agree itafika.

Kuti musaphonye bowo lina, jambulani tebulo. M'mizere yopingasa lembani momwe katundu angakhalire: watsopano, walengezedwa, wasankhiridwa lole, wapatsidwa nambala, wapakiridwa, wathetsedwa. M'mizere yotsika lembani zonse zomwe zingagwere depoti: propose, refuse, agree, failure, inform, funso la nambala, cancel, ndi kutha kwa nthawi. Mabokosi akwana 48, ndipo lililonse lilembedwe kanthu. Olemba code ambiri amadzaza asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu a njira yoyenda bwino, otsalawo n'kuwasiyira mwayi. "Agree yafika katundu atapakiridwa kale" ndi bokosi lenileni, ndipo nyengo ya misika isanathe lidzachezeredwa.

Malipiro obwerezedwa

Apa muzu wake ndi umodzi pafupifupi nthawi zonse. Ejenti wa malipiro watumiza pempho ku kampani ya ndalama za pa foni, kulumikizana kwaduka yankho lisanabwere, ndipo code yatenga kusayankhako ngati kukanidwa, n'kutumizanso. Zotsatira za pempho la ndalama si ziwiri, ndi zitatu: zapita, zakanidwa, sitikudziwa. Chachitatuchi chikhale ndi dzina lake mu database. Zikakhala pa "sitikudziwa", chochita ndi kufunsa za pempho loyambalo, osati kutumiza lina.

Kuti kufunsako kutheke, malipiro aliwonse akhale ndi nambala yosasintha yochokera pa risiti ya pa sikelo, ndipo ilembedwe mu database pempho lisanatuluke. API ya MTN MoMo, khomo lomwe pulogalamu yanu imatumizira mapempho, imafuna kuti inu mupange X-Reference-Id ya mtundu wa UUID (nambala yaitali yosafanana ndi ina iliyonse), ndipo ndi yomweyo yomwe mumafunsira momwe pempho layendera. Cholakwa chofala ndi kuika mzere wopanga UUID mkati mwa code yobwereza kutumiza, kotero kuti ulendo uliwonse umaoneka ngati malipiro atsopano. Ipangeni kamodzi, muisunge pamodzi ndi nambala ya risiti, ndipo database ikane risiti imodzi kukhala ndi ma UUID awiri.

Fufuzaninso mbali yolandira. MQTT pa mlingo wake wa katumizidwe wotchedwa QoS 1 imalonjeza kuti uthenga ufika kamodzi kapena kuposerapo, ndiye uthenga wa depoti wonena kuti mlimi alipidwe ukhoza kufika kawiri popanda cholakwa cha munthu. Ejenti aliyense asunge mndandanda wa mauthenga omwe wachitapo kale kanthu. Wobwerezedwa ukafika abweze yankho lakale lija osachitanso ntchitoyo. Mndandandawu ukhale pa disiki. Ukakhala mu memory, malaiti akangopita waiwalika.

Ndalama muzisunga mu ngwee ngati nambala yathunthu, K350.50 ikhale 35050. Manambala a float, okhala ndi kadontho ngati 350.50, amabala tizotsala tomwe timasiyanitsa mabuku a ma ejenti awiri ndi ngwee imodzi, ndipo ejenti woyerekezera mabuku amaimitsa malipiro onse chifukwa cha ngwee imeneyo.

Ndani ali ndi chilolezo chosintha chiyani

Mukaona chiwerengero cha matumba chikusintha chokha, pa depoti 200, ku shedi 180, mawa lake 200 kachiwiri, ndiye kuti ma ejenti awiri akulemba malo amodzi. Njira ya Gaia, yomwe Michael Wooldridge, Nicholas Jennings ndi David Kinny anafalitsa mu 2000, imathandiza kwambiri pamenepa. Imati muone dongosolo ngati bungwe la anthu, ndipo muyambe ndi maudindo, osati ndi ma ejenti. Udindo uliwonse ukhale ndi zinthu zinayi: zomwe ukuyenera kukwaniritsa, zilolezo zake, ntchito zomwe umachita wokha, ndi ma protocol omwe umalankhulira ndi ena.

Udindo wa wosunga katundu pa depoti, mwachitsanzo, uwerenge mitengo ndi mndandanda wa malole, usinthe chiwerengero cha matumba a pa depoti yake yokha, upange nambala yopakirira. Udindo wa wolandira katundu ku shedi usinthe chiwerengero cha matumba ofika, koma cha pa depoti ungochiwerenga. Lembani zilolezo za maudindo onse pa tsamba limodzi, muwerenge motsika: chinthu chilichonse chikhale ndi wochisintha mmodzi. Mukapeza awiri, mmodzi alandidwe chilolezocho, azipempha mnzakeyo kudzera mu uthenga. Matumba 20 osowa pakati pa Chadiza ndi Chipata asafufutidwe ndi ejenti wolemba pamwamba pa mnzake. Akhale manambala awiri osiyana kuti munthu awaone n'kufunsa.

Gaia imagawa zoyenera kukwaniritsa pawiri. Pali safety, zinthu zomwe zisachitike ngakhale kamodzi: katundu mmodzi asakhale ndi nambala zopakirira ziwiri zamoyo, risiti imodzi isalipidwe kawiri. Pali liveness, zinthu zomwe ziyenera kuchitika ndithu: katundu aliyense wolengezedwa apakiridwe kapena aperekedwe kwa munthu. Magulu ambiri amalemba zoyambazo n'kuiwala zachiwirizi, ndipo amapeza dongosolo losalakwitsa chifukwa silikuchita kanthu.

Kudikirana kumabadwira pamenepo. Ejenti wa lole akuti satumiza agree mpaka shedi itamupatsa nthawi yotsitsira. Ejenti wa shedi akuti sapereka nthawi kwa lole yomwe ilibe nambala yopakirira. Depoti sipereka nambala popanda agree. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, ndipo m'kaundula simuoneka cholakwa chilichonse, mumangokhala zii. Jambulani muvi kuchokera kwa wodikira kupita kwa wodikiridwa. Mivi ikazungulira n'kubwerera poyambira, mwapeza vuto. Dulani pamodzi: shedi ipereke nthawi yongosungira ya mphindi 45 kwa lole yomwe yangolandira accept-proposal, nthawiyo ife yokha ikapanda kutsimikizidwa. Ndipo ikani lamulo loti zinthu zizisungidwa mwa dongosolo limodzi nthawi zonse, lole poyamba, malo a m'shedi kachiwiri, nambala pomaliza.

Kalaliki ndi dalaivala nawonso ndi maudindo, alembedwe. Kalaliki akaimbira mlamu wake wa Canter kuti adzanyamule matumba 60 chifukwa mitambo yada, dongosolo lisanadziwe, ma ejenti adzatumiza lole ku katundu yemwe kulibe. Simungamuletse, ndipo mwina iye ndiye akulondola. Mupatseni njira yachidule pa USSD kapena pa tabuleti yonenera kuti katundu wachoka, ndipo bokosi limenelo likhalepo pa tebulo lija.

Thumba n'chiyani?

Vuto la miyezo silioneka ngati cholakwa kwa ma ejenti, limangoononga ndalama. Ejenti wa depoti wanena "200", wa lole wamva matumba a makilogalamu 50, kutanthauza matani 10. Koma ngati ndi nshawa za m'makoko, thumba lodzaza bwino limapepuka kwambiri kusiyana ndi la chimanga, ndipo lole imadzaza malo kulemera kusanakwane. Kumudzi malonda ena amayezedwa ndi meda ndi tini, zomwe ndi miyezo ya malo osati ya kulemera. Mtengo nawo ukhoza kukhala wa pa thumba, pa kilogalamu, kapena pa tani pa kilomita.

Lembani mawu onse omwe ma ejenti amagwiritsa ntchito ndi matanthauzo ake m'chikalata chimodzi, chomwe akatswiri amachitcha ontology, ndipo muchipatse nambala ya mtundu. Uthenga wa katundu unene mbewu, ngati ndi yoswa kapena ya m'makoko, kulemera mu makilogalamu, chiwerengero cha matumba, ndi chinyezi. Chinyezi n'chofunika chifukwa FRA (Food Reserve Agency) imagula chimanga chouma kufika pa 12.5 peresenti, ndiye lole ikhoza kunyamula katundu yemwe akakanidwe pofika. Ejenti akalandira nambala yopanda muyezo, kapena ontology ya mtundu womwe saudziwa, ayankhe not-understood, asaganizire. Izi zimachitika kwambiri pamene seva ya ku Chipata yaikidwa pulogalamu yatsopano koma matabuleti a kumidzi akadali ndi yakale.

Ngati mauthenga akuyenda pa SMS, kumbukirani kuti umodzi umanyamula zilembo 160, ndipo wautali umadulidwa m'zidutswa za zilembo 153. Chilembo chimodzi chachilendo, monga ŵ, chimasintha kalembedwe konse, malire n'kutsika kufika pa 70. Mauthenga a ma ejenti akhale afupi, okwana mu SMS imodzi.

Malaiti akabwera

Ma ejenti ambiri amamangidwa pa ganizo la BDI (belief, desire, intention), lomwe linachokera kwa Michael Bratman mu 1987 ndipo Anand Rao ndi Michael Georgeff analipititsa ku makompyuta: ejenti ali ndi zomwe amakhulupirira, zomwe akufuna, ndi zomwe watsimikiza kuchita. Chomwe chimaiwalika ndi chakuti chikhulupiriro chimakalamba. Ejenti wa depoti wazima maola asanu ndi atatu, wadzuka akukhulupirirabe kuti mtengo wa soya ndi wam'mawa uja ndipo lole ija ikubwera. Chikhulupiriro chilichonse chochokera kunja chikhale ndi nthawi yomwe chinalandiridwa ndi nthawi yomwe chimatha: malo omwe lole ili, mphindi 30, mtengo, tsiku limodzi, nambala ya foni ya mlimi, nyengo yonse.

Podzuka, ejenti asayambe ndi kuchita. Awerenge kaye zokambirana zosamalizidwa pa disiki, ataye zikhulupiriro zakutha, afunse anzake momwe nkhani iliyonse yafikira, kenako apitirize. Cholinga chilichonse chilembedwenso ndi chifukwa chochisiyira. Popanda zimenezo ejenti adzalimbikira kusakira lole matumba omwe anachoka dzulo.

Malaiti akabwera dera lonse nthawi imodzi, ma ejenti makumi angapo amadzuka pamodzi n'kukhuthulira mauthenga onse osungidwa pa seva, seva n'kutsamwa, onse n'kuyesanso pa sekondi yomweyo. Kudikira kuzikula: masekondi 30, kenako 60, 120, 240, mpaka malire a mphindi 15, ndipo pa ulendo uliwonse ejenti aonjezere masekondi osankhidwa mwachisawawa kuti asagundane. Mauthenga omwe reply-by yawo yadutsa asatumizidwe n'komwe.

Ma ejenti oyendera LLM

Masiku ano ena akumanga ma ejenti pa ma model a chilankhulo (LLM), omwe amalankhulana m'ziganizo wamba. Mavuto onse a pamwambawa amakhalapobe, ndipo kumaonjezekera kuti "chabwino, tiona" ikhoza kumveka ngati kuvomera kwa wina, kwa wina ayi. Lolani model imasulire uthenga wa mlimi wolembedwa m'Chichewa chosakaniza ndi Chingelezi, kapena ilembe yankho laulemu. Koma lonjezo, nambala yopakirira ndi malipiro zidutse mu uthenga wa mabokosi okhazikika womwe code wamba imaufufuza. Ikaninso malire a maulendo oyankhana, mwachitsanzo asanu ndi limodzi, kenako nkhani ipite kwa munthu; ma ejenti awiri aulemu akhoza kuthokozana usiku wonse, bilu ikukwera.

Kuyesa musanatumize ku madepoti

Kuyesa pa Wi-Fi ya mu ofesi sikuonetsa chilichonse mwa izi. Ikani kapulogalamu pakati pa ma ejenti koononga mauthenga mwadala. Ndondomeko yomwe tafotokoza ili ndi mauthenga asanu ndi umodzi pa njira yoyenda bwino: cfp, propose, accept-proposal, agree, nambala, inform. Uliwonse muutaye, muubwereze, muuchedwetse mpaka malire ake atadutsa. Mayeso akwana 18. Kenako muzimitse wotumiza atangotumiza, ndi wolandira atangolandira asanalembe pa disiki, ena 12. Pomaliza pa yeso lililonse code ifufuze malamulo a safety aja, ndipo ione kuti katundu wathera pa "wapakiridwa", "wathetsedwa" kapena m'manja mwa munthu. Sunthaninso wotchi ya ejenti mmodzi ndi mphindi 20 kutsogolo ndi kumbuyo, muyesenso.

Omwe ali ndi nthawi alembe protocol yokhayo m'chilankhulo cha Promela n'kuipatsa chida chofufuzira cha Spin, kapena m'chilankhulo cha TLA+. Zida zimenezi zimayesa kasanjidwe kalikonse ka mauthenga ndipo zimabweza mndandanda weniweni wa masitepe ofikitsa pa cholakwa. Depoti imodzi ndi malole awiri n'zokwana kutulutsa mabowo ambiri.

Pa njira zopangira madongosolo a ma ejenti, palibe chifukwa chotsata imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tropos, yomwe inamangidwa pa njira ya Eric Yu yotchedwa i*, ndi yabwino koyambirira pofunsa kuti ndani akudalira ndani ndipo akufunanji. Ndi yomwe ingakukumbutseni kuti mwini lole akufuna katundu wobwerera naye, osati wopita yekha. Gaia imagwira bwino maudindo ndi zilolezo koma siitsika mpaka pa code. Prometheus, yomwe Lin Padgham ndi Michael Winikoff anaipanga ali ku yunivesite ya RMIT ku Melbourne, imatsika kwambiri, kuchokera pa zolinga ndi zochitika mpaka pa mapulani a mkati mwa ejenti, ndipo imagwirizana ndi zida za BDI monga Jason. Gulu la anthu atatu lingatenge tsamba la maudindo ku Gaia, zithunzi za zokambirana ku Prometheus, ndi tebulo la mabokosi 48 lija.

Funsaninso ngati ma ejenti akufunikadi. Ngati madepoti onse, malole onse ndi shedi zili za kopaletivu imodzi, ndipo madepotiwo ndi asanu, seva imodzi yokhala ndi database imodzi yogawa maulendo m'mawa uliwonse idzavuta pang'ono. Ma ejenti amayamba kupindulitsa pamene eni malole ndi osiyana ndipo safuna kuonetsana mitengo, kapena pamene depoti ya ku Lundazi iyenera kupitiriza kuyeza ndi kulemba marisiti tsiku lonse netiweki kulibe, n'kudzalumikizana ndi Chipata madzulo.